Sunga khosi, mendulo udzavala

Ndakhala chete kwa masabata angapo, mukudziwa kale mmene kuchonga mapepala kumadyera nthawi. Chimene chandidzutsa lero ndi uthenga wochokera kwa mmodzi wa ana amene ndinawaphunzitsa Biology zaka zambiri zapitazo. Dzina sinditchula, anzake a m'kalasi imeneyo amuzindikira okha. Pano ndi bambo wa ana awiri, amagwira ntchito ku Britain, ndipo wandiuza monyadira kuti walembetsa mpikisano wa triathlon ya mtunda wautali umene ukachitikire kumwera kwa Ulaya m'nyengo yotentha. Uthenga wake unatha ndi mawu awa: "Aphunzitsi, ndikamaliza basi, ngakhale chokwawa. Si inu nomwe munkatiuza kuti tisamagonje?"

Ndinkawauzadi. Ndipo n'chifukwa chake mawu amenewa andisowetsa tulo. Ndamuyankha kale payekha, koma ndaona kuti ndilembenso pano, poti alipo ena mwa inu amene mwayamba zothamanga ndi zopalasa njinga mutakula, ndipo tonse tinaphunzira nyimbo imodzi yomweyo ya kupirira.

Kwa amene simunamvepo, triathlon ndi masewera atatu ochitika motsatizana tsiku limodzi popanda kupuma pakati. Ya mtunda wautali, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti Ironman, imayamba ndi kusambira makilomita 3.8, kenako kupalasa njinga makilomita 180, pomaliza kuthamanga makilomita 42.2. Makilomita 180 ndi pafupifupi kuchoka ku Blantyre kukafika ku Nsanje. Ukatsika pa njingapo, miyendo itatha kale, uyambe ntchito yofanana ndi kuzungulira bwalo la mamita 400 maulendo 105. Mipikisano yambiri imapereka maola 17, ina ocheperapo. Ukapyola pamenepo sakuwerengera kuti wamaliza.

Mpikisanowu unayamba pa 18 February 1978 pa chilumba cha Oahu ku Hawaii, pamene John Collins ndi mkazi wake Judy anatenga mipikisano itatu imene inalipo kale kumeneko n'kuilumikiza kukhala umodzi. Anayamba anthu 15, anamaliza 12. Gordon Haller ndi amene anapambana, ndi maola 11 ndi mphindi 46. John Dunbar, amene anali patsogolo, madzi anamuthera ali mkati mothamanga, omuthandiza n'kuyamba kumupatsa mowa. Anafika wachiwiri. Mukuona kuti nkhani ya ludzu inayamba tsiku loyamba lomwelo. Mu 1981 anausamutsira ku Kona, pa chilumba chachikulu cha Hawaii, kumene msewu umadutsa pakati pa miyala yakuda ya chiphalaphala chouma ndipo mthunzi ndi wosowa.

Koma chimene chinautchukitsa pa dziko lonse chinachitika mu February 1982. Julie Moss, mtsikana wa zaka 23 wa pa koleji, sanali katswiri ayi, anali munthu wamba ngati mwana wanga uja. Anatsogola amayi onse mpaka pafupi ndi mzere womalizira, kenako miyendo inamukana. Anagwa, anadzuka, anagwanso. Kathleen McCartney anamudutsa n'kupambana. Julie anamaliza mamita otsalawo chokwawa, makamera a wailesi ya kanema ya ABC akujambula. Anthu miyandamiyanda anaona, ndipo ambiri mwa iwo anati, nanenso ndikufuna. Mawu aja oti "ngakhale chokwawa" gwero lake ndi pamenepa, kaya wonenayo akudziwa kaya sakudziwa.

Maganizo anga ndi awa. Chithunzi cha munthu wokwawira ku mzere womalizira n'chokhudza mtima, koma ndi mphunzitsi woipa. Munthu wamba amene akukachita mpikisano wa mtunda wotere dzuwa likuswa mtengo ayenera kunyamuka kwawo atavomereza kale zinthu ziwiri: kuti akayenda pang'onopang'ono kuposa mmene amafunira, ndi kuti mwina akaima asanamalize. Amene sanavomereze ziwirizi sanakonzeke, ngakhale atakhala kuti wachita maphunziro a chaka chathunthu.

Taonani zimene kutentha kwachita kwa akatswiri enieni. Paula Newby-Fraser, amene anabadwira ku Harare n'kukulira ku Durban, anapambana ku Kona kasanu ndi katatu. Mu 1995 anali patsogolo, koma anagwa kutatsala mamita mazana ochepa chabe. Anakhala pansi m'mbali mwa msewu kwa nthawi ndithu, Karen Smyers atamudutsa kale, ndipo anamaliza wachinayi akuyenda. Mu 1997 Chris Legh wa ku Australia anagwa kutatsala mamita 50, sanamalize, ndipo madokotala anachita kumudula gawo la matumbo limene linali litafa chifukwa chosowa magazi. Mu June 2019 ku Frankfurt, tsiku lotentha kwambiri, Sarah True wa ku America anali atasiya anzake kutali, koma anakomoka kutatsala kilomita yosakwana imodzi. Awa ndi anthu amene ntchito yawo ndi yomweyi, ali ndi makochi ndi madokotala. Nanga iwe wa mu ofesi?

Tiyeni tibwerere m'kalasi pang'ono. Minofu ikamagwira ntchito, mwa mphamvu zonse zimene imatulutsa, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi kapena asanu ndi limene limayendetsa munthu. Zotsalazo zimasanduka kutentha. Thupi limafuna kukhala pa madigiri 37, choncho kutentha kumeneku kuyenera kutayidwa, ndipo njira yaikulu yokutayira ndi thukuta. Koma thukuta limaziziritsa pokhapokha likauma pakhungu. N'chimodzimodzi mtsuko wadothi: madzi amazizira chifukwa ena amatulukira kunja kwa mtsukowo n'kumauma ndi mphepo. Thukuta lochucha n'kugwera pansi ndi madzi otayika chabe. N'chifukwa chake madigiri 30 a malo a chinyontho, ngati m'mbali mwa nyanja, amatha kuvulaza kuposa madigiri 35 a malo ouma.

Pali vuto linanso. Magazi omwewo akufunika malo awiri nthawi imodzi: ku minofu kuti ipeze mpweya, ndi ku khungu kuti akataye kutentha. Pamene munthu akutuluka thukuta, lita imodzi kapena awiri pa ola, magaziwo akucheperachepera. Mtima umayamba kugunda mofulumira ngakhale liwiro lili lomwelo. Amene amalandidwa gawo lawo ndi matumbo, ndiye chakudya ndi madzi zimangokhala m'mimba osayenda, munthu n'kuyamba nseru ndi kusanza. Pa njinga zonsezi zimabisika, chifukwa mphepo imaumitsa thukuta msanga ndipo wopalasa amadziona ngati ali bwinobwino. Ngongole yake amakailipira akatsika n'kuyamba kuthamanga, mphepo ija itatha, phula likutentha kunsi.

Kutentha kwa m'kati mwa thupi kukapyola madigiri 40, mutu n'kuyamba kusokonezeka, ndiye chimene madokotala amachitcha heat stroke. Munthu amadzandira, amalankhula zosamveka, amalusa popanda chifukwa, mwina kusochera pa msewu woongoka. Musanamizidwe kuti wodwala chonchi amakhala atasiya kutuluka thukuta, othamanga ambiri amagwa ali chinyowere. Impso, chiwindi ndi ubongo zimawonongeka malinga ndi nthawi imene thupi lakhala pa moto umenewo. Mankhwala ake ndi kumuviika m'madzi ozizira kwambiri pomwepo, mphindi 30 zisanathe, kuchipatala n'kumapita pambuyo.

Tsono apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yanga. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa zinthu zambiri mwambiwu ndi woona. Pa kutentha sugwira ntchito. Chiwalo chimene chikanakuuza kuti ima ndi ubongo, ndipo ubongo ndi umene umayambirira kusokonezeka. Munthu amene wafika pamenepa amakana thandizo, amakankha omugwira, amanena kuti ali bwino. Oonerera amaombera m'manja nati taonani kulimba mtima, chonsecho mwini wakeyo mwina sakudziwa n'komwe kumene ali. Si iye amene akusankha kupitiriza. Miyendo ikungochita zimene inauzidwa m'mawa.

Wina anena kuti munthu wamba sathamanga liwiro la akatswiri, choncho thupi lake silitentha kwambiri. Pali choona pamenepo, liwiro lochepa limatulutsa kutentha kochepa. Koma werengani maola. Katswiri wamwamuna amamaliza pa maola asanu ndi atatu kapena kucheperapo, wamba amatenga 12, 14, mwina 16. Pamene katswiri akuyandikira kumaliza, wamba ndi pamene akutsika pa njinga, cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana, msewu utamwa dzuwa tsiku lonse. Kawirikawiri thupi lake ndi lalikulupo, ndipo thupi lalikulu limachedwa kutaya kutentha. Maphunziro ake amachita m'bandakucha kapena usiku ataweruka ku ntchito, nthawi yozizira. Ndipo pamwamba pa zonsezi wasenza katundu amene katswiri alibe: ndalama zambiri zimene walipira, tchuthi chimene wapempha, banja limene layenda ulendo wautali kudzamuona, ndi anzake onse amene anawauza. Katswiri akaona kuti tsiku laipa amaima, podziwa kuti mpikisano wina ukubwera mwezi wamawa. Wamba amaona ngati mwayi ndi womwewu basi.

Ngozi yachiwiri ndi imene anthu ambiri saiganizira, ndipo imakonda anthu wamba omwewa. Poopa kutentha, munthu amamwa madzi pa malo aliwonse operekera zakumwa, ludzu lilipo kaya palibe. Akamwa oposa amene akutaya, mchere wa sodium m'magazi umasungunuka n'kuchepa, madzi amalowa m'maselo, ubongo umatupa, ndipo m'chigaza mulibe malo oti utupire. Pulofesa Tim Noakes wa ku University of Cape Town ndi anzake analemba za vutoli mu 1985 ataliona mwa othamanga mitunda italiitali ku South Africa. Pa Boston Marathon ya 2002 ofufuza anayeza magazi a othamanga 488 n'kupeza kuti 13 mwa 100 aliwonse mchere wawo unali utatsika. Ambiri anali amene anatenga nthawi yaitali pa msewu ndi amene anamaliza akulemera kuposa mmene anayambira. Mu July 2015 ku Frankfurt, tsiku limene kunatentha kupyola madigiri 35, munthu wamba wina anamaliza mpikisano wonse bwinobwino, anakomoka atadutsa mzere, ndipo anamwalira m'chipatala ubongo utatupa. Anamaliza ndithu, monga mwana wanga uja akufunira.

Choopsa n'chakuti zizindikiro za mavuto awiriwa zimafanana: mutu kupweteka, nseru, kusokonezeka. Munthu wachifundo akaona wothamanga akudzandira, chimene amathamangira ndi kumumwetsa madzi ambiri, osadziwa kuti mwina ndi madzi omwewo amene amufikitsa pamenepo. Ntchito imeneyi ndi ya achipatala amene ali ndi zoyezera.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukunena mumtima. Aphunzitsi akalamba, ayamba mantha. Munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha chochita ndi thupi lake, ndipo kukoma kwa mpikisano wotere ndi kuvutika komweko. Aliyense akamaima pomwe zayamba kupweteka, ndani angamalize? Funsoli ndi labwino ndipo sindikulinyoza. Anthu zikwizikwi amamaliza mipikisano imeneyi chaka chilichonse n'kubwerera kwawo ali bwino, ena a zaka zoposa 70. Sindikuuza mwana wanga uja kuti asapite. Ndimamunyadira kuti pa msinkhu umene anzake ambiri akungokula mimba, iye akudzuka 4 koloko kukasambira.

Koma kupweteka kuli mitundu iwiri. Miyendo kuwawa, matuza kuphulika kuphazi, mtima kukuuza kuti khala pansi wavutikiranji, kumeneko ndi kupweteka koyenera kukupirira, ndipo ndi kumene munthu analipirira. Kuzizidwa thupi dzuwa likuwala, kuona zinthu ziwiriziwiri, kusanza chilichonse chimene wameza, kulephera kuwerengera makilomita otsala, kumeneko ndi kwina. Kupirira kumeneko kulibe mphoto. Ndipo za ufulu, inde ulipo, koma bambo wa ana awiri thupi lake si lake yekha.

Mwana wanga uja anandiuzanso kuti, "Aphunzitsi, ine ndinakulira ku Chikwawa, dzuwa la ku Ulaya lingandichite chiyani?" Ndinaseka, koma ndinamuuza zoona. Thupi limazolowera kutentha likamagwira ntchito pa malo otentha kwa masiku 10 mpaka 14 otsatizana: madzi a m'magazi amachuluka, thukuta limayamba msanga ndipo limatuluka ndi mchere wochepa, mtima umadekha. Koma kuzolowera kumeneku si chiphaso chobadwira. Munthu akachoka pa malo otentha kumayamba kutha pakangopita masabata ochepa. Amene wakhala zaka khumi ku Britain ali ndi thupi la ku Britain, ngakhale mchombo wake unakwiriridwa m'mbali mwa Shire.

Ndiye achite chiyani? Choyamba, azolowetse thupi masabata awiri omalizira, pochita maphunziro opepuka nthawi yotentha, kapena kufika msanga kumene kuli mpikisanoko ngati thumba likulola. Chachiwiri, adziwe thukuta lake. Adziyeze pa sikelo asanayambe kuthamanga kwa ola limodzi, adziyezenso akamaliza. Kilogalamu imodzi yotayika ndi pafupifupi lita imodzi, kuphatikiza amene wamwa m'njira. Akatero adziwa malire, ndipo pa tsikulo azimwa motsata ludzu, azidya zamchere, osalola kuti amalize akulemera kuposa mmene anayambira. Chachitatu, nthawi imene anailemba pa pepala m'nyengo yozizira aitaye m'mawa wa tsikulo akangoona kuti kutentha. Achepetse mphamvu pa njinga ngakhale ena akumudutsa. Ambiri mwa iwo akawapeza akuyenda pansi madzulo, paja kuthamanga si kufika. Chachinayi, madzi ambiri azithira pathupi: ayisi m'chipewa ndi m'malaya, siponji pakhosi, ndipo pa malo operekera zakumwa aziyenda m'malo mothamanga. Chachisanu, asamwe mankhwala opha ululu a mtundu wa ibuprofen, chifukwa amalemetsa impso zimene zili kale pa mavuto, ndipo ngati sabata imeneyo watentha thupi kapena watsekula m'mimba, asayambe n'komwe.

Chachisanu ndi chimodzi ndi chimene ndikuchiona chachikulu. Asanayambe, mutu uli bwino, akhale pansi ndi mkazi wake kapena mnzake amene akakhale m'mbali mwa msewu, agwirizane zizindikiro zimene zikaoneka ndiye kuti mpikisano watha. Amupatse mphamvu yoitana achipatala, ndipo alonjeze kuti sadzamuimba mlandu pambuyo pake. Chigamulo chipangidwe m'mawa ndi munthu wanzeru zake, chifukwa wa 4 koloko madzulo sitingamudalire.

Kuti musaone ngati ndi nzeru za mphunzitsi wamantha, tamvani za mu October 2025 ku Kona. Lucy Charles-Barclay wa ku Britain, amene anapambana kumeneko mu 2023, ankalimbirana kutsogolo ndi Taylor Knibb wa ku America. Ali mkati mothamanga, Lucy anayamba kudzandira ndi kutentha, ndipo mwamuna wake analowa mu msewu n'kumuimitsa. Taylor anapitiriza ali patsogolo, koma naye anagwa kutatsala makilomita atatu okha. Anapambana ndi Solveig Løvseth wa ku Norway. Patangotha masabata anayi, ku Marbella m'dziko la Spain kunali mpikisano wa dziko lonse wa theka la mtundawu. Woyamba anali Lucy, wachiwiri Taylor. Mayi uja amene mwamuna wake anamuchotsa mu msewu akulira, mwezi usanathe anali atavala mendulo ya golide. Akulu aja ankadziwa chimene ankanena pamene anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala.

Kwa inu aphunzitsi anzanga, ndiulule kanga. Zaka za m'mbuyomo, masana ena a mu October, ndinaima m'mbali mwa bwalo ndikukalipira mnyamata wa Fomu 2 amene ankafuna kusiya mpikisano wothamanga kutatsala maulendo awiri. Ndinamuuza kuti mwamuna sagonja. Anamvera, anamaliza, ndipo anagwa pa mzere maso atatembenuka. Tinamunyamulira pansi pa mtengo wa mango n'kumuthira madzi a pa mjigo mpaka anatsitsimuka. Tsiku lotsatira pa asembule tinamuombera m'manja, ine ndemwe ndinatsogolera. Palibe anafunsa chifukwa chimene tinathamangitsira ana 2 koloko masana mwezi ngati umenewo, ndipo ana mazana angapo anabwerera m'kalasi ataphunzira kuti kukomoka ndi ulemu. Mwana wanga wa ku Britain uja mwina anali pa mzere tsiku limenelo. Tinawaphunzitsa theka la phunziro. Theka linalo, lodziwa nthawi yoima ndi kumvera wokuimitsa, tinalisiya, ndipo ena akukaliphunzira ku maiko a eni pa mtengo wokwera.

Tsono iwe mwana wanga, ndikudziwa uwerenga. Pita ukachite, ndipo ndikufunira zabwino zonse. Ukamaliza pa maola 15 m'malo mwa 12 amene ukulota, unditumizire chithunzi, ndichionetsa kalasi yonse. Ukaima pa kilomita 25 chifukwa mayi a ana akuuza kuti basi, unditumizirenso chithunzi, ndipo chimenecho ndi chimene ndidzachikhome mu sitafu rumu. Koma za chokwawa zija uzisiye. Amene anakuuza kuti usamagonje ndine, ndipo ndine ndemwe ndikukuuza lero kuti sindinamalize chiganizo.

Ndibwerere ku mapepala anga, mulu wa Fomu 4 ukundidikira.